Mnzanu wa kuntchito akakupsetsani mtima, Mkhristu atani?

Nyengo yosanja fodya ikafika kuno ku Kasungu, mitima sichedwa kutentha. Mabelo akuyenera kupita ku msika wa fodya wa Chinkhoma, wina wasakaniza magiredi, kapitawo n'kukalipira inu pamaso pa aliyense m'chigafa. Muofesi pa boma ndi kusukulu nazonso zilipo. Kukwiya pakokha si tchimo. Aefeso 4:26 akuti kwiyani koma musachimwe, ndipo dzuwa lisalowe mudakali chikwiyire.

Choyamba, gwirani pakamwa. Tulukani kaye panja, imwani madzi, pempherani chamumtima. Foni ikhale m'thumba, chifukwa uthenga wolemba mtima uli m'mwamba anthu amausunga.

Chachiwiri, dzifunseni chomwe chakuwawani kwenikweni. Mwina ndi malipiro ochedwa kapena fizi ya mwana, mnzanuyo wangoponda pachilonda.

Chachitatu, ndipo apa m'pamene Akhristu ambiri timaterereka: pitani kwa mwini wakeyo, awiriwiri, monga Yesu adanenera pa Mateyu 18:15. Ife timayamba tauza wina aliyense kupatula iyeyo. Nkhani imafika pagulu la WhatsApp, imafikanso ku mphakati kapena kumapemphero a amayi itavala malaya a pemphero: "Tiwapempherere achimwene aja, akundizunza." Abale anga, imeneyo ndi miseche basi. Dikirani nthawi yoweruka, mumutengere pambali, munene chinthu chimodzi chokha: "Achimwene, zija munayankhula m'chigafa zandipweteka, tikambirane." Za chaka chatha musazifukule. Akayamba kuyankha musamudule, mwina nayenso ali ndi chake chomwe inu mudamulakwira. Chikapezeka, pepesani mosaonjezera "koma".

Chachinayi, akakana kumva, tenganiko munthu mmodzi kapena awiri (Mateyu 18:16). Asakhale anzanu okuchemererani, koma munthu amene nonse mumamulemekeza.

Zikakanika pamenepo, pitani kwa abwana. Ngati nkhani ndi yodyeredwa malipiro, kumenyedwa kapena kukakamizidwa chibwenzi, musaikwirire m'dzina la kukhululuka. Ofesi ya zantchito pa boma ndiponso apolisi alipo chifukwa cha zoterezi, ndipo kudandaula kumeneko sikuchotsa chikhristu chanu.

Mwina ubwenzi subwerera lero. Paulo ndi Barnaba adakangana za Marko mpaka kupatukana (Machitidwe 15:39), koma pambuyo pake Paulo yemweyo adaitanitsa Marko kuti adzamuthandize. Inu mawa mukafika, mupatseni moni mnzanuyo, ndipo belo lake likafuna wogwirizira, gwirani.