Momwe mungapezere vuto pamene batire la boti silikutchajika padoko

Boti likagona padoko usiku wonse nthambo ya magetsi ili yolumikizidwa, koma m'mawa injini n'kukana kulira, anthu ambiri amathamangira kukagula batire latsopano. Nthawi zambiri kumeneku kumakhala kutaya ndalama, chifukwa vuto limakhala pa fyuzi yopsa, pa waya wodyeka ndi dzimbiri kapena pa pulagi imene sinalowe bwino. Njira yodalirika ndi kutsatira magetsi kuchokera pamene akuchokera mpaka pamene akuthera, mukuyeza ndi multimeter (mita yoyezera magetsi) malo alionse, ndipo musagule kalikonse musanadziwe pamene magetsiwo akutayikira.

Musanagwire chilichonse, tsegulani malo amene batire limakhala kuti mpweya udutse. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi kamoto kakang'ono, choncho fodya akhale kutali. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, valani magalasi oteteza maso, ndipo ngati mukumasula batire, yambani ndi waya wa negativu, n'kudzaubwezera pomalizira.

Yambani ndi batire lenilenilo. Zimitsani tchaja ndi zipangizo zonse, ndipo lisiyeni lipume kwa maola angapo, chifukwa batire limene langochoka pa tchaja limaonetsa mphamvu yonama imene imatsika pakapita nthawi. Kenaka ikani mano a mita pa mitu ya batire yeniyeni, osati pa zomangira mawaya. Batire la asidi la 12V (mavoti 12) likadzaza limaonetsa 12.6V kapena 12.7V. Likaonetsa 12.2V ndiye kuti latsala pafupifupi theka, ndipo likatsika kupitirira 12.0V latha kwambiri. Ngati mwalitchaja mokwanira koma likungobwerera pafupi ndi 10.5V, mwina selo limodzi mwa maselo asanu ndi limodzi a mkati mwa batire lafa, ndipo pamenepo palibe tchaja imene ingalitsitsimutse. Dziwani kuti batire likhoza kuonetsa 12.6V koma n'kukhala lofooka, motero yezaninso wina akuliza injini: mphamvu isatsike kupitirira 9.6V.

Tsopano pitani kumtunda, pa soketi ya padoko. Onani ngati buleka ya pamenepo (swichi imene imadula yokha magetsi pakakhala vuto) sinagwe, ndipo yesani kulumikizapo chipangizo china chimene mukudziwa kuti chimagwira ntchito. Zimitsani buleka musanazule nthambo, kenaka yang'anitsitsani mano a pulagi mbali zonse ziwiri, ya kudoko ndi ya kuboti. Mano akuda ngati apsa, pulasitiki yosungunuka mozungulira dzino limodzi, kapena fungo la waya wopsa, zonsezi zikusonyeza kuti pulagi inali yolekeza ndipo imatentha. Nthambo yotere musayese kuikulunga ndi tepi, isintheni, pakuti moto wa m'boti umatha kuyambira pamalo amenewa. Mkati mwa boti mulinso buleka yaikulu ya magetsi a padoko ndi ina ya tchaja yokha, ndipo zonse ziwiri ziyenera kukhala zoyatsa. Magetsi a mbali imeneyi, kaya ndi 120V kaya 230V malinga ndi dziko, amapha, choncho ngati buleka ikungogwa mukangoiyatsa, itanani katswiri wa magetsi. Munthu asasambirenso pafupi ndi boti limene lili ndi vuto lotere, makamaka m'madzi opanda mchere, chifukwa magetsi otayikira m'madzi amaumitsa thupi, munthu n'kumira.

Magetsi akakhala kuti akufika pa tchaja, iyatseni ndi kuyezanso pa mitu ya batire. Tchaja yabwino imakweza mphamvu pang'onopang'ono mpaka pakati pa 14.2V ndi 14.7V, ndipo batire likadzaza imatsikira pakati pa 13.2V ndi 13.6V kuti izingolisunga. Ngati mita sikusintha n'komwe, yezani pa malo otulukira magetsi a tchajayo. Apa ndi pamene pamakhala yankho la mavuto ambiri: tchaja ikamatulutsa 14.4V koma pa batire pakuoneka 12.3V, tchaja ilibe mlandu, vuto lili panjira. Funafunani fyuzi imene ili pa waya wa pozitivu pafupi ndi batire, ndipo muiyeze ndi mita, musangoiyang'ana ndi maso, chifukwa ina imaduka mkati mosaoneka. Fyuzi imeneyi imapsa kawirikawiri wina akasemphanitsa mawaya polumikiza.

Fyuzi ikakhala bwino, yang'anani zomangira. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umaunjikana pa mitu ya batire umatchinga magetsi, ndipo waya wamkuwa umatha kudyeka mkati mwa chikopa chake, kunja uku ukuoneka wabwinobwino. Muupinde pafupi ndi chomangira: ukakhala wouma, ukuthetheka m'malo mopindika mofewa, kapena mkuwa wake wada, dulani mpaka mupeze mkuwa wowala. Tsukani mitu ndi soda wophikira wosungunula m'madzi ndi burashi yawaya, osalola sodayo kulowa m'maselo, kenaka mangani zolimba ndi sipanala, osati ndi zala zokha. Waya wa negativu musauiwale, chifukwa umawonongeka chimodzimodzi koma ndi umene anthu sauyang'ana.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Matchaja ambiri amakono sayamba ntchito ngati batire latheratu, chifukwa amaona ngati palibe batire lililonse, ndipo mwini wake amaganiza kuti tchaja yafa. Litchajeni kaye pang'ono ndi tchaja ina yaing'ono mukuliyang'anira, kenaka muibwezere yaikulu. Onaninso ngati tchaja yaikidwa pa mtundu woyenera wa batire, pakuti la asidi wamadzi, la AGM ndi la gel (a asidi otsekeratu) ndi la lithium amafuna mphamvu zosiyana. La gel limawonongeka msanga ndi mphamvu yokwera kwambiri, pamene la lithium lili ndi kachipangizo mkati kamene kamalizimitsa likatha kwambiri, ndipo siliyenera kutchajidwa kuzizira kukatsika pansi pa 0°C.

Ngati batire ndi la zotsekera, tsegulani muone madzi. Mapuleti a mkati mwa batire akaonekera pamwamba pa madzi, thirani madzi a batire okha, osati a pampopi kapena asidi. Batire limene likutentha kwambiri potchaja, limene lafufuma m'mbali, kapena likununkha ngati mazira owola, lichotseni pa tchaja nthawi yomweyo.

Zonse zikakhala bwino koma batire likungotha boti likaima, pali chimene chikudya magetsi mwakachetechete. Zimitsani tchaja ndi zipangizo zonse, masulani waya wa negativu, ikani mita yoyeza ma amp pakati pa wayawo ndi mutu wa batire, ndipo zulani mafyuzi imodzi imodzi mpaka nambala itsike. Kawirikawiri mupeza kuti ndi wailesi, nyale yoiwalika, kapena pampu yotunga madzi m'boti imene swichi yake yakakamira. Mukapeza kuti pampuyo ikuyaka pafupipafupi chifukwa madzi akulowadi, musaizimitse pofuna kusunga batire, koma funani msanga pamene boti likudontha.