Mmene mungadziwire ngati wofufuza za matenda otupa matumbo analembadi zaphindu

Akakuuzani kuti uyu ndi katswiri wa IBD musangovomera, mutha kufufuza nokha ngakhale pa foni. IBD tikunena Crohn's disease ndi ulcerative colitis, matenda otupitsa matumbo kwa zaka zambiri aja, osati IBS (irritable bowel syndrome, vuto lina la m'mimba) ayi, anthu amasokoneza awiriwa ndiye mukalakwitsa chilembo chimodzi mupeza zina zina.

Yambirani pa PubMed, webusaiti yosakira mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, ndi yaulere. Lembani dzina lake lomaliza ndi zilembo zoyamba za maina enawo kenako muwonjezere Crohn kapena colitis. Maina amafanana kwambiri, ndiye ngati ali ndi ORCID, nambala yozindikiritsa wofufuza ya manambala 16 yomwe ndi yake yekha, gwiritsani imeneyo. Onaninso magazini omwe akutulutsamo, Gut, Gastroenterology, Journal of Crohn's and Colitis, amenewa sulowamo mwachisawawa.

Mukatero pitani pa Google Scholar muone h-index. Anaiyambitsa Jorge Hirsch mu 2005, ndipo ikakhala 30 ndiye kuti munthuyo ali ndi mapepala 30 oti lililonse anzake analitchula kosachepera ka 30. Scholar imapereka nambala yokwera kuposa Scopus kapena Web of Science, mawebusaiti ena owerengera zomwezi, chifukwa imawerenga zilizonse mpaka ma thesis a ophunzira, ndiye musafanizire wina wa pa Scholar ndi wina wa pa Scopus.

Koma apa ndipomwe ambiri amapusitsidwa. Onani pomwe dzina lake lili pa pepalalo. Woyamba kawirikawiri ndi amene anatuluka thukuta, womaliza ndi bwana wa gululo, apakatiwa ena anangopereka magazi a odwala awo basi. Mu IBD zimenezi ndi zambiri chifukwa cha kafukufuku wa ma jini, mwachitsanzo pepala la mu magazini ya Nature la 2012 lomwe linafikitsa pa 163 malo a mu DNA okhudzana ndi matendawa lili ndi olemba ochuluka zedi ndipo aliyense amatenga ma citation onsewo, kutchulidwa konse kwa pepalalo, ngati ake. Ma guideline (malangizo a chithandizo) a ECCO, bungwe la ku Ulaya loona za Crohn's ndi colitis, nawonso chimodzimodzi, amatchulidwa kwambiri poti ambiri olemba za mankhwala a IBD amawatchula.

China, kutchulidwa sikuti anthu akugwirizana nawe. Pepala la Andrew Wakefield la mu magazini ya Lancet la 1998, lija lokamba za kutupa matumbo kwa ana ndi katemera wa MMR (wa chikuku, mumps ndi rubella), linatchulidwa kambirimbiri koma ambiri ankalitsutsa, mpaka analichotsa mu 2010. PubMed imalemba pamwamba pomwe pepala likachotsedwa, komanso dzinalo mutha kulisaka pa Retraction Watch, webusaiti yolondola mapepala ochotsedwa.

Ine ndimangosankha mapepala atatu a zaka 5 zapitazi omwe iye ali woyamba kapena womaliza, nkuwerenga abstract (chidule cha pepalalo), odwala analipo angati, anawatsatira nthawi yaitali bwanji, komanso kumunsi kuja komwe amaulula makampani a mankhwala omwe anamupatsa ndalama.