Momwe mungaikitsire SPD mu DB kuti mphenzi isakuotchereni TV ndi filiji

Mvula ikayamba mu Novembala, okonza ma TV sagona ndi njala. Sikuti mphenzi imachita kugwa padenga panu ayi. Ikamenya polo kapena waya kutali uko, mphamvu yake imatsata mawaya mpaka m'nyumba. Magetsi athu ndi a 230V, koma pakanthawi kosakwana kuphethira amatha kukwera kufika mavoti masauzande. Ma breaker a mu DB, bokosi logawa magetsi m'nyumba lija, sangakupulumutseni: ntchito yawo ndi kudula magetsi pakachitika shoti kapena mukalumikiza zinthu zambiri, ndipo pa liwiro lotereli amachedwa. Chofunika ndi kachipangizo kotchedwa SPD, komwe kamapatutsa mphamvu yopyola muyesoyo n'kuitaya m'nthaka.

Yambani ndi earth, njira yotayira magetsi m'nthaka, musanagule chilichonse. Itanani katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira zamagetsi la MERA ayeze chitsulo chokhomedwa pansi chija ndi waya wake. Nyumba zambiri waya wa earth unaduka kalekale polima kuseri, kapena unachita dzimbiri, eni ake osadziwa. SPD yopanda earth yabwino ndi ndalama zotaya, chifukwa mphamvuyo ilibe kolowera.

Kenako sankhani mtundu. Ya mu DB ya nyumba wamba ndi Type 2, ndipo zambiri zimalembedwa 275V ndi 40kA. Ngati nyumba ili ndi chitsulo chokoka mphenzi padenga, kapena ili pamtetete ndipo magetsi amabwera ndi mawaya a m'mwamba, funsani ya Type 1+2.

Kuikako musachite nokha, ngakhale mumadziwa kusintha soketi. Mbali yolowera magetsi imakhalabe yamoyo ngakhale mutathimitsa main switch. Inu imani pambali muonetsetse chinthu chimodzi: SPD ikhale pafupi ndi main switch, mawaya ake akhale aafupi ndi owongoka, onse pamodzi asapyole masentimita 50. Waya wautali wopindapinda umachepetsa chitetezo, ndipo apa ndi pomwe amisiri othamangira ndalama amalakwitsa.

Mvula yamabingu ikadutsa, tsegulani kachitseko ka DB muyang'ane kawindo ka pa SPD. Kobiriwira, zili bwino. Kofiira, yatha ntchito, musinthe. Magetsi amayakabe ngakhale itafa, n'chifukwa chake ambiri sazindikira.

Koma musaipatse ntchito yomwe si yake. SPD imalimbana ndi kukwera kwa kanthawi chabe. Waya wa neutral, wobwererapo magetsi, ukaduka kunja, magetsi amatha kuyandikira 400V n'kukhalitsa, mababu n'kumaphulika. Magetsi ofooka aja nawo amaotcha kompulesa ya filiji. Pamenepo pamafunika voltage protector mu DB, yomwe imadula magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri, kapena fridge guard pasoketi, yomwe imadikira mphindi zingapo magetsi akabwera isanayatse filiji. Ndipo mphenzi ingalowerenso pa waya wa dishi kapena eriyo, komwe SPD ya mu DB sifika. Mabingu akayandikira, zulani waya umenewo kumbuyo kwa dikoda.