Momwe mungasankhire hotela yopita ndi ana aang'ono kukaphunzira ski koyamba

Ana akayamba kubwera kunyumba ndi nkhani zoti anzawo a m'kalasi anapita ku mapiri a Alps, ku Ulaya, kukatsetsereka pa chipale chofewa, makolo ambiri a kwathu amene amakhala ku UK ndi ku Ireland amayamba kufufuza pa foni usiku ana atagona. Zimene zimayamba kuoneka ndi zithunzi za mahotela: dziwe losambira la madzi ofunda, moto ukuyaka m'chipinda chochezera, mapiri oyera mbee kuseri kwa windo. Koma ngati m'banja mwanu palibe amene anavalapo ski, timatabwa tatitali tomangirira kumapazi potsetsereka pa chipale, ndipo ana ndi a zaka 3 kapena 5, musayambire pa hotela. Yambani mwapeza sukulu ya ski imene ana akaphunzire, kenako mufunefune hotela imene ili pafupi kwambiri ndi pomwe sukuluyo imasonkhanitsa ana m'mawa. Dziwe losambira libwere pambuyo.

1. Onani mapepala musanakonde malo aliwonse

Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhala ku UK kapena ku Ireland sichikulowetsani ku France, Austria, Italy kapena Switzerland. Pamafunika visa ya Schengen, yolowera m'gulu la mayiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito visa imodzi, ndipo mwana aliyense amene ali ndi pasipoti ya Malawi amafunika yake. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, mwana wa zaka 6 mpaka 11 mayuro 45, ndipo osafika zaka 6 salipira. Amafunanso inshulansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000. Bulgaria nayo ili mu Schengen tsopano. Andorra, imene ili pakati pa France ndi Spain, siili mu Schengen, koma ilibe bwalo la ndege zikuluzikulu, choncho mumadzera ku Toulouse kapena ku Barcelona, ndipo visa yanu iyenera kukhala yololeza kulowa kangapo. Nthawi yokaonekera ku ofesi ya visa imavuta kupeza chakumapeto kwa chaka, ndiye hotela imene mukusungitsa ikhale yoti mungathe kusintha maganizo n'kubwezeredwa ndalama.

2. Sankhani mudzi woyenera anthu ongoyamba

Malo otchuka amadzitama ndi kutalika kwa njira zawo zotsetserekera, makilomita 400, makilomita 600. Inu zimenezo zisakukopeni. Sabata yoyamba mudzathera pa kamtunda kamodzi kapena tiwiri, ndipo kulipirira phiri lonse n'kutaya ndalama.

Njira zotsetserekera zimapatsidwa mitundu. Ku France yobiriwira ndiye yosavuta kwambiri, kenako yabuluu, yofiira, ndipo yakuda ndi ya akatswiri. Ku Austria, Switzerland ndi Italy kawirikawiri amayambira pa yabuluu, kotero yabuluu ya kumeneko ikhoza kukhala yophweka kapena yotsetsereka ndithu. Tsitsani mapu a njirazi pa tsamba la malowo muone zinthu ziwiri: kodi malo ophunzirirapo ana ali m'mudzi mwenimweni kapena pamwamba pa phiri, nanga ali ndi lamba woyenda yekha uja wokweza ana atangoimirira, amene amamutcha magic carpet.

Funso loyambalo ndi lalikulu. Ku Bansko, ku Bulgaria, mitengo ndi yotsika, koma malo ophunzirirapo ali pamwamba, ndipo mumakwera gondola, kachipinda kolendewera pa chingwe kokweza anthu paphiri, kuchokera m'tauni. Nthawi ya tchuthi mzere wa gondolayo m'mawa umatalika, ndipo kuima pamzere ndi mwana wa zaka 4 atavala zovala zolemera si masewera. Ku Avoriaz, ku France, mudzi uli pa mamita 1,800, galimoto sizilowa, ndipo malo a ana ali pakati pa nyumba zogonamo. La Rosière, Les Gets ndi midzi ya La Plagne ndi malo enanso amene mabanja amakonda. Ku France kuli chizindikiro chotchedwa Famille Plus chimene chimaperekedwa kwa malo okonzekera bwino kulandira mabanja, ndipo chimathandiza pochepetsa mndandanda. Ku Austria, dera la Serfaus-Fiss-Ladis ndi lodziwika pa nkhani ya ana, ndipo Serfaus ali ndi kasitima kapansi pa nthaka kotenga anthu kuchokera m'mudzi kukafika pokwerera phiri, ngakhale mitengo yake si yocheza.

Ganiziraninso za ulendo wochokera pabwalo la ndege. Kuchokera ku Geneva kupita ku Les Gets ndi ola limodzi ndi pang'ono. Kupita ku Val Thorens ndi maola pafupifupi 3, ndipo Loweruka, tsiku limene alendo ambiri amasinthana, amatha kupitirira. Msewu wa kumapeto umakhala wokhotakhota, mwana amene amasanza m'galimoto adzasanza basi. Val Thorens ali pa mamita 2,300, chipale sichisowa, koma ana ena sagona bwino pamalo okwera chonchi masiku oyambirira, komanso kumazizira kwambiri. Midzi yotsika ngati Les Gets, pa mamita osapitirira 1,200, imakhala yofundirako koma chipale chimatha kuchepa kumayambiriro ndi kumapeto kwa nyengo. Kwa ine, mudzi wa pakati pa mamita 1,500 ndi 1,900 ndiye wogwirizana ndi banja loyamba kumene.

3. Sungitsani malo kusukulu ya ski

Ku France sukulu imene imapezeka pafupifupi paliponse ndi ESF, ya aphunzitsi ovala zofiira, ndipo gulu lake la tiana, Club Piou Piou, limalandira ana kuyambira zaka 3. Mwanayo akhale woti anasiya thewera. Palinso masukulu ena ang'onoang'ono okhala ndi magulu a ana ochepa, amene amakwera mtengo pang'ono. Funsani ngati mphunzitsi wa gulu la mwana wanu amalankhula Chingelezi, chifukwa mwana akagwa n'kumalira, kumutonthoza m'chinenero chimene sakumva n'kovuta.

Maphunziro a magulu amayamba Lamlungu kapena Lolemba n'kutha Lachisanu. Ngati nonse awiri, bambo ndi mayi, mukuphunziranso, onetsetsani kuti kalasi yanu ikuyambira pamalo amodzi ndi ya ana, komanso kuti simukuweruka mochedwa kuposa iwo. Apo ayi mmodzi wa inu azithawa kalasi tsiku lililonse kukatenga mwana. Kwa mwana wosafika zaka 3 pamafunika malo osungira ana, ndipo malowa amadzaza msanga kuposa mahotela. Tengani kabuku ka katemera ka mwanayo, chifukwa amatha kukafunsa.

4. Tsopano hotela: yezani mtunda ndi miyendo ya mwana

Apa ndiye pagona nkhani. M'mawa wa tsiku la ski umayenda chonchi. Mwamuveka mwana zovala zamkati zotenthetsa thupi, juzi, buluku lochindikala, jekete, masokosi aatali, chisoti, magalasi, magolovesi. Mwamupaka mafuta oteteza ku dzuwa, chifukwa dzuwa la pa chipale limawotcha ngakhale khungu lakuda ndipo milomo imang'aluka. Mwamuveka nsapato za ski, zimene ndi pulasitiki yolimba yosapindika pa kakolo. Mukangotseka zipi yomaliza, akuti "Amayi, ndikufuna kukodza." Mwavula, mwavekanso. Nthawi yatha. Tsopano mutuluke panja mutanyamula ma ski anu, ndodo zanu, ma ski a ana awiri, inunso muli m'nsapato zomwezo, pansi pali poterera, ndipo wamng'onoyo wakhala pansi akuti mumubereke. Zikatere mamita 400 ndi ulendo.

Choncho musakhutire ndi mawu akuti "pafupi ndi malo otsetserekera". Lembani imelo ku hotelayo mufunse mwachindunji: kuchokera pakhomo panu kufika pomwe sukulu yakuti imasonkhanitsa ana ndi mamita angati, njirayo ndi yokwera kapena yathyathyathya, nanga pali msewu wa galimoto wofunika kuwoloka? Kenako tsimikizani nokha pa Google Maps. Mphindi 5 poyenda ndi mwana ndiye malire. Hotela imene ikunena kuti basi yaulere imaima pakhomo ikukuuzani mwaulemu kuti ili kutali.

Samalaninso ndi mawu akuti ski-in ski-out. Amatanthauza kuti munthu akhoza kuvala ma ski pakhomo n'kutsetsereka, kenako n'kubwerera chimodzimodzi. Izi zimakomera amene akudziwa kale. Ngati njira yodutsa pakhomopo ndi yofiira, inu simudzaigwiritsa ntchito sabata yonse, ndipo hotela zotere nthawi zina zimakhala pamwamba pa mudzi, kutali ndi mashopu ndi malo a ana. Funsani mtundu wa njirayo. Chimodzimodzi mawu akuti "mamita 100 kuchokera pa lifiti": lifitiyo, makina okweza otsetsereka paphiri, ikhoza kukhala yopita kunsonga kwa phiri kumene inu mulibe nako ntchito.

Ngati hotela imene mwaikonda ili patali pang'ono, pali njira ina. Bwerekani ma ski ndi nsapato pa shopu yoyandikana ndi sukulu imene imalola kusiya katunduyo usiku, kuti muziyenda ndi nsapato wamba.

5. Zam'kati mwa hotela

Chipinda chosungira ndi kuumitsira nsapato chikhale pansi, pafupi ndi khomo. Nsapato yonyowa ndi yozizira m'mawa imatha kumudanitsa mwana ndi ski mpaka kalekale.

Funsani za nthawi ya chakudya. Ku France malo ambiri odyera amayamba chakudya chamadzulo cha m'ma 7 koloko, pamene mwana amene wakhala panja tsiku lonse amakhala akuwodzera kale. Mahotela a mabanja amakonza chakudya cha ana chapadera cha m'ma 5 koloko. Dongosolo la half board, loti mumadya m'mawa ndi madzulo pa hotela pomwepo, limapulumutsa ndalama komanso limakupewetsani kuvekanso ana zovala zonse zija kuti mukafune chakudya mumdima. Ku Austria kuli gulu la mahotela otchedwa Kinderhotels, amene amasunga ana masana ndipo amakhala ndi timabedi ta makanda, mipando yodyera ana ndi zina zotero.

Werengani bwino za chipinda. Mawu akuti "chogona anthu 4" kawirikawiri amatanthauza bedi limodzi ndi sofa yotambasula, ndiye kuti ana akagona 7 koloko inunso muzimitse magetsi. Chipinda chokhala ndi kachipinda ka ana pambali, kapena zipinda ziwiri zolumikizana, n'choyenera kuwonjezerapo ndalama. Dziwe losambira lija lili ndi ntchito yake masana, chifukwa ana aang'ono maola awiri kapena atatu pa chipale amawakwanira, koma funsani ngati ana amaloledwa nthawi iliyonse.

Ena amakonda nyumba yodziphikira okha, ndipo n'zomveka: mwana amene wakana tchizi masiku atatu, nsima imamubweza. Ufa munganyamule, koma nyama ndi zamkaka zochokera ku Britain siziloledwa kulowa m'mayiko a EU, kupatula mkaka wa makanda wosapitirira makilogalamu 2. Dziwaninso kuti nyumba zoterezi ku France zimakhala zazing'ono kwambiri kuposa momwe zimaonekera pachithunzi.

6. Nthawi ndi mtengo weniweni

Sabata ya Khirisimasi, ya Chaka Chatsopano ndi tchuthi cha pakati pa teremu cha mu February ndizo zodula komanso zodzaza, ndipo masukulu a ku France nawo amakhala pa tchuthi mosinthana kuyambira February mpaka kumayambiriro kwa March. Ngati ana anu sanayambe sukulu, pitani pakati pa January pomwe mitengo imatsika, kapena pakati pa March pomwe dzuwa limachedwa kulowa ndipo kuzizira kumachepa. Kwa tiana, March ndiye wabwino.

Mtengo wa hotela ndi gawo chabe. Lembani papepala ndege, galimoto yochokera pabwalo la ndege pamodzi ndi mipando ya ana, maphunziro, kubwereka ma ski, nsapato ndi zisoti, chiphaso chokwerera malifiti, ndi chakudya chamasana. Mukatero yerekezerani ndi mtengo wa makampani amene amagulitsa zonse pamodzi. Ngati mukugula ku UK ulendo wophatikiza ndege, onani kuti uli ndi chitetezo cha ATOL, chimene chimateteza ndalama zanu kampaniyo ikagwa. Chiphaso cha malifiti musathamangire kugula cha phiri lonse. Funsani sukulu kuti ophunzira atsopano amafunika chiti, chifukwa malo ena ali ndi malifiti aulere a ongoyamba, ndipo malo ambiri ku France salipiritsa ana osafika zaka 5 bola musonyeze umboni wa zaka zawo.

7. Inshulansi

Inshulansi wamba ya paulendo nthawi zambiri siiphatikiza masewera a pa chipale, muyenera kuwonjezera. Khadi la zachipatala la GHIC la okhala ku UK limathandiza kuchipatala cha boma m'mayiko a EU, koma silimalipira anthu okutsitsani paphiri mukavulala, ndipo ku France ntchito imeneyi amalipiritsa. Ku Italy ana ndi akulu omwe amakakamizidwa kuvala chisoti, ndipo kuyambira 2022 aliyense wotsetsereka ayenera kukhala ndi inshulansi yolipira ngati wavulaza munthu wina.

Musanawononge ndalama zonsezi, pitani ndi ana Loweruka lina kumalo a chipale a m'nyumba, monga The Snow Centre ku Hemel Hempstead kapena SnowDome ku Tamworth, muone ngati akukondadi. Scotland nayo ili ndi malo ngati Cairngorm pafupi ndi Aviemore, komanso Glenshee, ndipo kwa okhala ku UK sipafunika visa, kungoti chipale cha kumeneko n'chosadalirika ndipo mphepo imatha kutseketsa malifiti.

Kwa amene muli ku South Africa, kuli Afriski m'mapiri a Maluti ku Lesotho, ulendo wa maola pafupifupi 5 pagalimoto kuchokera ku Johannesburg kudzera pachipata cha Caledonspoort. Nyengo yake ndi June mpaka August. Malowa ali pa mamita opitirira 3,000, kuposa nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, choncho tsiku loyamba ana apume ndi kumwa madzi ambiri m'malo mothamangira kukalasi. Chipale chambiri kumeneko n'chopangidwa ndi makina, ndiye imbani foni mutsimikize kuti malo otsetserekera atsegulidwa chaka chimenecho musanalipire chipinda.