Momwe mungachitire kafukufuku wa maganizo a anthu pa za ndale m'midzi ya kuno kum'mawa kwa Zambia

Achinyamata angapo a muno mu Chipata akhala akundifunsa za ntchito imene ndimayenda nayo ndi tabuleti m'midzi ya ku Luangeni ndi Chipangali. Ndi ntchito ya bungwe lofufuza za ndale loima palokha, losakondera chipani ndiponso losafuna phindu. Timamva zimene anthu wamba akuganiza za khansala wawo, phungu wawo, masankho ndi ndalama za CDF (thumba la boma la chitukuko cha dera la phungu), kenako bungwe limasindikiza kuti aliyense awerenge. Bungwe lotchuka pa ntchito yotere ndi Afrobarometer, limene linayamba mu 1999 ndipo limafunsa anthu 1,200 kapena 2,400 m'dziko limodzi. Njira zambiri zimene tinaphunzitsidwa n'zofanana ndi zawo.

Choyamba, konzani makalata ndipo dutsani m'makomo oyenera. Kalata ya bungwe ndi chilolezo cha kafukufuku muzionetse ku ofesi ya DC (bwanamkubwa), kuchoka apo kwa amfumu a dera, pomaliza kwa anyakwawa. Kalatayo ichulukitseni muli m'tauni, chifukwa aliyense amafuna yake yosunga. Nthawi yabwino ndi anthu akakolola, kuyambira Meyi mpaka Julaye. M'dzinja milatho imavuta ndipo anthu amakhala kumunda, pamene kumapeto kwa Febuluwale midzi ya Angoni yonse maso amakhala ku Mtenguleni, ku mwambo wa Nc'wala. Mukapeza maliro, mudziwo ulekeni tsiku limenelo.

Chachiwiri ndi katundu. Mafunso timawaika m'mapulogalamu a pa tabuleti otchedwa ODK kapena KoboToolbox, amene amagwira popanda netiweki. Chofunika ndi moto wa batire. Ine ndinagula pawa banki yotchipa kwa mnyamata wina wa pamsewu, yolemera bwino m'manja, koma sinkadzaza ngakhale theka la tabuleti. Gulani m'shopu yopereka lisiti, ngakhale mtengo ukhale wowirikiza. Wa njinga yamoto mugwirizane naye za tsiku lonse, mafuta ali momwemo, apo ayi adzakukwezerani mtengo dzuwa likulowa muli kutali. Zovala nazo musazipepuse. Chofiira anthu amati ndi cha chipani cha UPND, chobiriwira amati ndi cha PF, choncho valani za mtundu wina, ndipo chipewa kapena chitenje cha kampeni chisapezeke ngakhale m'chikwama.

Chachitatu, kusankha nyumba. Mumayambira pamalo amene akupatsani, n'kumawerenga makomo, kulowa pa lachisanu kapena lakhumi monga mwa malangizo. Munthu akhale wa zaka 18 kupita m'mwamba, ndipo mukafunsa bambo, khomo lotsatira mufunse mayi. Osasankha nyumba chifukwa ndi ya malata kapena ili pafupi ndi msewu.

Tsopano gawo limene linandigwetsa, kudzifotokoza ndi kukhala awiri ndi wofunsidwayo.

Pa mudzi wina anyakwawa anatilandira bwino kwambiri, natipatsa nduna yawo kuti itiperekeze. Ine ndinaona ngati ndi ulemu, ndipo unalidi ulemu. Koma khomo lililonse ndikafika, ndunayo inkakoka kampando n'kukhala pambali pathu penipeni. Pamwamba pa izo, mbiri inali itawanda kale kuti kwabwera olemba mayina a feteleza wa FISP, wotsika mtengo wochokera kuboma. Mayi wina anatuluka m'nyumba NRC (chiphaso cha unzika) ili kale m'manja, ataimasula pa mfundo ya chitenje. Ndinamuuza mwachidule kuti si za feteleza, koma sindinakhazikike kuti amvetse, poti ndinali ndi changu chokwanitsa nambala ya tsikulo.

Mayankho onse anali osalala. Khansala? Amagwira bwino. Komiti ya chitukuko ya wadi? Ilibe vuto. Chonsecho mjigo wa pamudzipo unali wakufa, udzu utamera pamwamba pa simenti, ndipo amayi ndinakumana nawo akuchokera kudambo ndi zigubu. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndiye si zoona kuti mudzi wonse unalibe chonena za ndalama zotere. Madzulo wotiyang'anira anaona mayankhowo nati onse atayidwe.

Chimene chinandipweteka si kutaya tsikulo. M'mawa mwake ndikubwerera, agogo ena amene ndinawafunsa dzulo lake anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, nalankhula motsitsa mawu.

"Mwanawe, dzina langa lija mwalipereka kuboma? Ine mdzukulu wanga ndiye amadalira feteleza uja."

"Iyayi agogo, dzina lanu silipita kulikonse."

"Nanga bambo aja anakhaliranji pamenepo?"

Ndinasowa chowayankha. Anthu a msinkhu wawo anakhalamo m'nthawi ya chipani chimodzi isanathe mu 1991, ndipo achinyamata nawo aona makada, anyamata a zipani, akuopseza anthu m'misika ndi m'masiteshoni a basi. Mantha awo ali ndi chifukwa. Ine ndinawagoneka agogowo ndi nkhawa usiku wonse chifukwa cha changu changa.

Kuchokera tsiku limenelo ndimachita motere. Nkhani ya woperekeza ndimaimaliza kwa anyakwawa ndisanayambe: "Zikomo mfumu, bambowa atisonyeze malire a mudzi, koma pofunsa lamulo la ntchito yathu ndi lakuti tikhale awiri, kuti ngakhale inu munthu asadzakunamizireni kuti munamva zakezo." Ndikanena choncho ambiri amavomera mosavuta. Ndikafika pakhomo ndimaodira, kukhala pansi, kulonjerana mokwanira, kenako kunena zinthu zinayi mosathamanga: sindine wa boma kapena wa chipani, sindikulemba za feteleza kapena chithandizo chilichonse, dzina silituluka, ndipo ali ndi ufulu wokana kapena kulekeza pakati. Munthu akatulutsa NRC ndimamupempha aibweze ndisanatsegule tabuleti. Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021, ndipo kulitchula kumathandiza. Mwamuna akafuna kukhala pamene mukufunsa mkazi wake, mupempheni mwaulemu chimodzimodzi, ndipo inu mukhale poonekera, pansi pa mtengo wa mango, osati m'nyumba. Afrobarometer imamaliza ndi funso lofuna kudziwa amene wofunsidwayo akuganiza kuti watuma ofufuzawo. Ine ndimalikonda funso limeneli, chifukwa munthu akati "boma" ndimadziwa kuti poyamba paja sindinamveke.

Pofunsa penipeni, werengani funso momwe lalembedwera m'Chinyanja, osawonjezera zanu, osagwedeza mutu kuvomereza. Akati sakudziwa, lembani zomwezo. Akakufunsani chipani chanu, nenani kuti pa ntchito simuyankha zimenezo.

Zotsalazo n'zachidule. Madzulo onaninso mafomu onse, pezani pokwera pamene pali netiweki, tumizani tsiku lomwelo, tchajani tabuleti. Osadzaza fomu nokha pansi pa mtengo kuti nambala ikwane, poti GPS ndi nthawi zimaoneka ku ofesi. Potuluka m'mudzi kalawireni kwa anyakwawa, ndipo lipoti likadzatuluka pemphani kope limodzi muwapititsire.