Kaoneredwe ka filimu yakale ija ya mnyamata wosaona, mtsikana woyandikana naye ndi mayi osafuna kusiya mwana

Pali mafilimu ena oti ukawayatsa foni ili kumanja, diso limodzi ku sikirini lina ku WhatsApp, mphindi 20 sizikwana wazimitsa kale nkumati aaa izi nzogonetsa tulo. Butterflies Are Free ya 1972 ndi imodzi mwa amenewo. Mulibe mfuti, mulibe kuthamangitsana pa galimoto, anthu ake enieni ndi atatu basi kenako wachinayi amangotulukira cha kumapeto kudzasokoneza zinthu, ndipo pafupifupi zonse zikuchitikira mchipinda chimodzi. Koma ili ndi kaoneredwe kake, ndipo mukakadziwa mumaseka mpaka nthiti kuwawa kenako osadziwa kuti zayamba liti kukhosi kwauma. Dziwiranitu kuti mmunsimu ndiwulula mathero, amene safuna aone kaye filimuyo adzawerenge pambuyo.

Choyamba foni ikani kutali ndipo konzekerani kumvetsera kuposa kuyang'ana. Nkhaniyi inayamba ngati sewero la pasiteji, analemba ndi Leonard Gershe ndipo linatsegulidwa ku Broadway, dera lotchuka la zisudzo mu mzinda wa New York, mu 1969. Milton Katselas yemwe anatsogolera seweroli ndi yemwenso anadzatsogolera filimuyo, ndiye ngakhale nkhani anaisamutsira ku San Francisco, fungo la siteji silinachoke ayi. Anthu amalankhula kwambiri, amayankhana mothamanga, nthabwala zambiri zili mkamwa osati mzochita. Ngati Chingerezi cha ku America chothamanga chimakupitirirani yatsani ma subtitle, musachite nazo manyazi, Goldie Hawn, yemwe akusewera mtsikanayo, mufilimu imeneyi sapuma polankhula.

Nkhani yake siyovuta. Don Baker, yemwe akuseweredwa ndi Edward Albert, ndi mnyamata wosaona chibadwire, amaimba gitala, ndipo wangochoka kumene pakhomo pa mayi ake ku Hillsborough, dera la anthu opeza bwino kummwera kwa San Francisco, nkukachita lendi chipinda chakechake mtauni. Apangana ndi mayi ake kuti asapondeko kufikira patatha miyezi iwiri. Chipinda chinacho mwalowa Jill Tanner, mtsikana wa zaka 19 wolakalaka kukhala wazisudzo, amene anakwatiwapo ali ndi zaka 16 banja nkutha patangopita masiku 6. Pakati pa zipinda ziwirizi pali chitseko chokhoma chomwe awiriwa amadzachitsegula, zotsatira zake mukuzidziwa kale. Mayi nawo pangano lija salisunga.

Tsopano apa mpomwe muyenera kutsegula maso. Jill atalowa koyamba kwa Don amacheza naye nthawi yaitali ndithu osadziwa kuti mnzakeyo saona. Don akuyenda mchipindamo momasuka, akutenga zinthu pamalo pake, akuyankha nthabwala. Chimene chimaulula ndi kambale kotayiramo phulusa la ndudu. Jill wakasuntha osaganiza kanthu, Don akugwedeza ndudu yake pamalo pomwe kambale kanali, phulusa likugwera pathebulo. Mukafika pamenepa imitsani filimu, bwezani mmbuyo mpaka pomwe Jill analowera, muonenso kachiwiri koma ulendo uno muziyang'ana manja ndi mapazi a Don osati nkhope ya Goldie Hawn, ngakhale ndikudziwa kuti nkhopeyo ndiyovuta kuisiya. Muona kuti palibe chamatsenga chilichonse, munthuyu waloweza chipinda chake, chinthu chilichonse chili ndi malo ake ndipo chimabwerera pomwepo, panja napo amawerenga masitepe kukafika komwe akufuna. Ufulu wake wonse wakhazikika pa dongosolo limeneli, ndipo amene angaliwononge ndi munthu woona wamtima wabwino amene wangosuntha kanthu kakang'ono osanena. Izi nzoona ngakhale kunja kwa filimu, mpando wokokedwa pakati pa njira kapena chitseko chosiyidwa theka chotsegula zimapweteka munthu wosaona kuposa mmene ambirife timaganizira.

Onaninso mmene Jill amasinthira akangodziwa. Mphindi yapitayo amalongolola bwinobwino, tsopano lilime lalemera, akusankha mawu, akuopa kulakwitsa, akufuna kuthandiza pomwe sanapemphedwe. Don sanasinthe chilichonse, wasintha ndi mlendoyo. Wolemba anachita dala kuti ifenso oonera tidzipeze pamenepo.

Nkhani yoseka nayo imavuta anthu ena, amangoti duu kuopa kuti akaseka ndiye kuti akuseka ulumali. Sekani. Njira yodziwira ndiyosavuta, nthabwala iliyonse dzifunseni kuti yagwera ndani. Mufilimu imeneyi zambiri zikutuluka mkamwa mwa Don mwiniwake ndipo zikugwera anthu oona, mafunso awo opusa, mantha awo, chisoni chawo chosapemphedwa. Munthu amene wakhala akufunsidwa zomwezomwezo moyo wake wonse amakhala ndi mayankho okonzeka kale, akuthwa. Mukaionera ndi nkhope ya pamaliro ndiye kuti mwachita chomwe Don akuthawa kwa mayi ake chija.

Koma kwa ine filimu yonseyi ndi ya mayiwo, ndipo ngati muli ndi mphamvu zoonetsetsa munthu mmodzi yekha sankhani iwowa. Eileen Heckart anasewera mbali yomweyi pasiteji ndipo pafilimuyi analandira nayo Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America, mu 1973 ngati wazisudzo wamkazi wothandizira. Akangolowa mchipinda muja, mwadzidzidzi, nkupeza mwana wawo ndi mtsikana wachilendo onse asanavale mokwanira, mtima wanu uthamangira kuwada. Amanyoza chipinda, amanyoza dera, amanyoza mtsikana, chilichonse chotuluka mkamwa mwawo chili ndi minga. Musafulumire. Mvetserani zomwe akunena pansi pa chipongwecho, akuti mtsikana ameneyu sakhalitsa pachinthu, adzakusiya ndipo amene adzatole zidutswa ndine. Ndipo chowawa nchakuti sakunama. Jill nayenso powabwezera akuti inu mumangoona zomwe mwana wanu sangathe, simuona zomwe akutha, iyenso sakunama. Ndiye musataye nthawi kufunafuna woipa, filimu yake inamangidwa pa anthu awiri olondola amene aliyense akuona bwino vuto la mnzake koma lake osaliona.

Pali kanthu kena ka mayiwa koti musakadumphe. Don ali mwana iwo ankalemba mabuku a ana onena za kamnyamata kosaona kotchedwa Little Donny Dark, kangwazi kochita zinthu zosatheka. Don amanyansidwa nawo mabukuwo, ndipo mpomveka, chifukwa munthu waulumali kawirikawiri amapatsidwa mipando iwiri yokha, wa womvetsa chisoni kapena wa ngwazi yodabwitsa dziko, wa munthu wamba wofuna chipinda chake, gitala yake ndi chibwenzi chake palibe amene amamupatsa. Koma kenako mumadzamva kuti mayiwo ankalemba nkhanizo pofuna kulimbitsa mtima mwana wamantha, ndiye chinthu chomwe chija mumachionanso mwina.

Cha kumapeto Jill amabwera ndi Ralph, wotsogolera zisudzo, nkulengeza kuti akusamukira kwa iye. Don wasweka mtima ndipo akuuza mayi ake kuti chabwino mwapambana, nditengeni tizipita kunyumba. Ichi nchomwe mayiwo anabwerera, sutikesi anali atayamba kale kulongeza. Koma akukana. Pamenepa musalankhule, musapite kukatenga madzi, yang'anani nkhope ya Heckart yokha. Mzimayi amene zaka zonsezi ntchito yake inali yotchinga mwana kuti asapwetekedwe akusankha kumusiya ndi ululu wake, chifukwa wazindikira kuti kusiyidwa ndi mtsikana zimachitikira mnyamata aliyense, woona kapena wosaona, ndipo akamutenga lero sadzatulukanso. Chikondi cha Don ndi Jill nchokoma inde koma Oscar uja anachokera pa mphindi zimenezi.

Kuti muimve kukoma kwenikweni ikani filimuyi mchaka chake. Mu 1972 momwemo, kutsidya kwa nyanja kuchokera ku San Francisco, mumzinda wa Berkeley, anthu aulumali omenyera ufulu wawo anatsegula Center for Independent Living, malo othandiza anthu aulumali kukhala paokha mmalo mosungidwa kwa makolo kapena mnyumba zosungirako anthu. Ed Roberts, yemwe anadzatsogolera malowa, anadwala poliyo ali ndi zaka 14, ankapuma mothandizidwa ndi chimakina chachitsulo, komabe analowa yunivesite ya ku Berkeley mu 1962. Lamulo loletsa tsankho kwa anthu aulumali mmabungwe olandira ndalama za boma la America, lomwe limadziwika kuti Section 504, linabwera mu 1973 filimu itatuluka kale, ndipo kuti liyambe kugwira ntchito zinatengera m'bindikiro wa pafupifupi mwezi wathunthu mu ofesi za boma ku San Francisco komweko mu 1977, Judy Heumann ali mmodzi mwa otsogolera. Lamulo lalikulu la Americans with Disabilities Act linadzabwera mu 1990. Ndiye mukamaona Don akukangana ndi mayi ake za chipinda cha lendi kumbukirani kuti malamulo omuikira kumbuyo amenewa anali asanabwere, ndipo mantha a mayiwo sanali ongopeka. Gershe naye sanangoilota nkhaniyi, anatengera pa Harold Krents, mnyamata wosaona amene anaphunzira zamalamulo ku Harvard.

Zokalamba zilimo, musadzinamize. Edward Albert anali munthu woona akusewera wosaona, nthawi imeneyo palibe ankadabwa nazo koma lero ambiri angafunse kuti bwanji osapatsa mbaliyo wazisudzo wosaona weniweni, ndipo funsolo ndi labwino. Don akuchokera kubanja la ndalama, kudziimira payekha kumapepukako ukakhala ndi kothawira zikavuta, filimu siyikhalitsa pamenepo. Ndudu zili paliponse. Jill nthawi zina analembedwa ngati kamtsikana kopepera kongobwera kudzasintha moyo wa mwamuna, ngakhale Goldie Hawn amayesetsa kumupatsa mtima, makamaka pomwe Don akumuuza maso ndi maso kuti amene akuopa kudzipereka kwa munthu ndi iyeyo. Kubwerera kwa Jill kwa Don kumapeto ine ndimaona kuti kunafulumira, munthu amene banja linamukanika masiku 6 sangasinthe usiku umodzi. Izi ziwoneni, zitchuleni, koma zisakulepheretseni kumaliza.

Mukamaliza dikirani masiku angapo muionerenso, ulendo uno osayang'ana sikirini. Chifukwa inachokera pasiteji nkhani yambiri imamveka ndi makutu okha, mumva mapazi, chitseko, mawu a Jill akusintha pomwe akunama, komanso mudziwa malo omwe mwasochera chifukwa chachitika chinthu chopanda phokoso, ngati kusuntha kwa kambale kaja. Malo amenewo ndi omwe audio description imagwira ntchito, mawu a munthu wofotokoza zomwe zikuchitika pakati pa zolankhula, ndiye ngati komwe mukuonerako kuli batani lake liyatseni mumve mmene amachitira.

Ngati mukuonera ndi mnzanu kapena m'bale wosaona mufunseni kaye ngati akufuna kuti muzimufotokozera, ena safuna, ena amafuna pang'ono chabe. Akavomera lankhulani pomwe mufilimu muli zii basi, mwachidule, nenani zomwe zachitika osati zomwe inu mukuganiza, monga wasuntha mbale, mayi aima pakhomo, akulongeza zovala. Osamuuza kuti apa mpomvetsa chisoni, amva yekha. Ndipo ikatha musamusandutse mneneri wa anthu onse osaona pomufunsa kuti kodi inu mumatero eti, yambani ndi funso lomwe mungafunse wina aliyense, loti kodi Jill uja akhalitsa kapena pofika mwezi wamawa wapitanso. Pamenepo mukangana mpaka usiku.