Momwe mungafikire pa chilumba cha Ilha de Moçambique kuchokera ku Mulanje, chikwama kumsana

Anthu akamva kuti ine ndi mai a Tadala tinakasamba m'nyanja ya mchere amayesa tinakwera ndege. Ayi ndithu, tinakwera minibasi pa Chitakale, aliyense atabereka chikwama cha pa kaunjika, ndipo tsiku lachitatu tinali pa chilumba chimene Vasco da Gama, Mpwitikizi woyenda panyanja uja, anaimapo m'chaka cha 1498. Ambiri mwakhala mukundifunsa njira, ndiye nayi.

Choyamba, sankhani nyengo. Pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa zimene namondwe amachita: Freddy uja wa Malichi 2023 analowera ku Quelimane, gombe lomweli, asanadzatigumulire phiri. Komanso ulendo wanu uthere m'chigawo cha Nampula. Kumtunda kwake, ku Cabo Delgado, kwakhala kuli nkhondo ya zigawenga kuyambira 2017, ndiye zilumba za kumeneko zisiyeni kaye ngakhale zithunzi zake zikukopeni bwanji pa Facebook.

Chachiwiri, pasipoti. Mmalawi safuna viza polowa m'Mozambique ngati sakhalako kupitirira masiku 30. Koma kabodapasi kamene mumakagulira chimanga ku Milange si kopitira kutali, apolisi a pamsewu adzakutsitsani. M'chikwama musachulutse: zovala zitatu zitatu, zitenje ziwiri (chitenje ndi thaulo, ndi shiti, ndi katani), neti ya udzudzu, tochi, pawabanki. Mai a Tadala anapakira nsapato zazitali za ku ukwati, zinapita ndi kubwera osaponda pansi.

Chachitatu, ndalama. Apa khalani pansi, chifukwa ndi pamene ine ndinalira.

Makwacha kutsogoloko sagwira ntchito, mufunika mametikali. Ngati mungapeze madola ku banki kapena khadi yanu ikutulutsa ndalama kunja, muli ndi mwayi, koma tonse tikudziwa momwe nkhani ya foreksi ilili, makamaka chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye ambiri amathera kwa anyamata osintha ndalama a pa boda. Sindikuti pitani kumeneko, ndikungonena zimene zinandichitikira nditapitako.

Titangotsika pa Muloza anatizinga anayi. Mmodzi wa jekete yachikopa, dzuwa lonselo, anatchula mtengo wabwino kuposa anzake onse, ndipo ine, mphunzitsi wa masamu wathunthu, ndinaona ngati ndatola. Tinapita kuseri kwa kagolosale. Anawerengera pa kalikuleta ya pafoni, tinagwirizana mametikali 20,000. Anandipatsa mpukutu wa mapepala a 500 ndi a 200, onse a nkhope ya Samora Machel. Ndinawerenga modekha, kunyowetsa chala ndi malovu, ndipo ndinapeza kuti zaperewera 400. Ndinamuuza. Anapepesa ngati mwana wa abusa: "Pepani bwana, dzuwali, mutu sukugwira." Anatenga mpukutu uja m'manja mwanga, nawerenga mokweza ine ndikuona, navomera kuti ndi zoona zaperewera, natulutsa mapepala awiri a 200 m'thumba, nawaika pamwamba, nandibwezera. Mtima unakhala pansi. Munthu woona mtima chotere, kuwerenganso n'kumunyoza. Nthawi yomweyo mnzake anatulukira akuti apolisi akubwera, bisani msanga. Ndinapereka makwacha anga, mpukutu n'kuponya m'sokosi.

Mai a Tadala anandifunsa tili pa kabaza wopita m'tauni ya Milange: "Bambo a Tadala, mwawerenganso zija?" Ndinati mkazi asamalowerere za amuna. Usiku ku Mocuba, chitseko titakhoma, ndinayala ndalama zija pabedi. Zinali 14,500. Pamene ankaika 400 pamwamba, chala chaching'ono chinali chikusolola a 500 pansi pa mpukutu. Kuperewera koyamba kuja kunali nyambo, kuti mpukutu ubwerere m'manja mwake ine nditawerenga kale. Mai a Tadala sananene kanthu, anangozimitsa getsi. Bola akanandikalipira.

Ndiye chitani chonchi. Mtengo funsani kwa anthu atatu, ndipo wotchula wokoma kwambiri ndi amene muyenera kumuthawa. Masamu chitani pa foni yanu, chifukwa pakati pa kwacha ndi metikali pali maziro ambiri ndipo limodzi limasowa mosavuta. Makwacha anu akhale kwa mnzanuyo, aime patali pang'ono. Mametikali mukawerenga asabwererenso m'manja mwa wosinthayo. Ngati zaperewera, aike zotsalazo m'dzanja lanu linalo. Akakhudza mpukutu, yambiraninso kuwerenga pa pepala loyamba, ngakhale kakhale kachisanu. Akati apolisi akubwera, mubwezereni zake muzipita. Ndipo sinthani zongokufikitsani ku Mocuba, kumene kuli mabanki, osati za ulendo wonse monga ndinachitira ine wanzerune.

Chachinayi, boda. Dinditsani potuluka ndi polowa, muone ndi maso anu tsiku limene alemba. Pali anyamata ena amene amati mupatseni pasipoti akudinditsireni mwachangu. Pasipoti sachoka m'manja mwa mwini wake. Ku Milange gulani simu ya Movitel kapena Vodacom mu shopu yeniyeni kuti ailembetse m'dzina lanu. Chichewa chimamveka bwinobwino ku Milange, koma mukamayandikira Mocuba chimatha.

Chachisanu, msewu. Minibasi kumeneko amati chapa, ndipo kupakira kwake a ku Limbe ndi ana. Milange mpaka Mocuba ndi pafupifupi makilomita 200. Gonani pomwepo, chifukwa mabasi a ku Nampula amanyamuka kusanache, cha m'ma 4 koloko, ndipo akati 4 ndi 4 yeniyeni. Msewu wake ndi EN1, wodzera ku Alto Molócuè, makilomita ngati 400. Chikwama amalipiritsa pachokha, choncho mvanani mtengo chisanakwere. Panjira gulani pão, buledi wawo wamng'ono uja, ndi koroso (mtedza wa cashew) wokazinga amene ana amagulitsa pa windo. Pasipoti ikhale pafupi, amaifunsa pafupipafupi.

Apa ndi pamene mai a Tadala anabweza ngongole ya nsapato zija. Chipwitikizi changa chimathera pa "bom dia" ndi "obrigado", koma iwo anakulira kwa agogo awo ku Phalombe akumva Chilomwe. Chimakua cha ku Nampula ndi Chilomwe ndi pachibale. Atangopereka moni m'Chilomwe, amayi a pamsika anaseka mpaka kugwirana mapewa, mtengo wa nthochi n'kutsika. Ngati kwanu kuli agogo olankhula Chilomwe, khalani nawo masabata awiri musananyamuke.

Chachisanu ndi chimodzi, kuchoka ku Nampula kwerani chapa cha ku Ilha, makilomita pafupifupi 180 kudzera ku Namialo ndi Monapo. Kumapeto kuli mlatho wopitirira makilomita atatu, wopapatiza moti galimoto ziwiri zimadikirana m'malo opatukira. Chilumbacho n'chachitali makilomita atatu okha, mumachimaliza wapansi. Kum'mwera ndi Makuti, kumene kumakhala anthu ambiri m'nyumba zofolera ndi masamba a kokonati. Malo ogona otchipa funsani kumeneko. Kumpoto ndi tauni ya miyala, nyumba zakale za Apwitikizi, zina zokonzedwa, zina mitengo ya kachere itamera m'zipupa. Pano ndi pamene panali likulu la Mozambique mpaka 1898, pamene analisamutsira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Bungwe la UNESCO linaika chilumbachi pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1991.

Lowani mu linga la São Sebastião, limene anayamba kumanga mu 1558, mudutse mpaka kunsonga kumene kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka 1522. N'kakang'ono kuposa kalasi yanga, mafunde akumenya pansi pake. Pitaninso pa Jardim da Memória, pokumbukira akapolo amene ankakwezedwa zombo pachilumbachi, ena mwa iwo ochokera kumtunda kuno. Ife tinakhalapo chete nthawi ndithu.

Zotsalazo mudzaziona nokha. Idyani matapa, ndiwo zamasamba zophikira mkaka wa kokonati, ndi mpunga wa kokonati. Amayi opaka zoyera kumaso si maliro, ndi musiro, wosalalitsa khungu. Ngalawa ya tanga yopita ku Ilha de Goa kapena ku gombe la Chocas lipirani theka popita, theka pobwera. Nyanja iyi si ya ku Mangochi: madzi amathawa kutali n'kubwerera kawiri patsiku, ndiye musasiye chikwama pamchenga wonyowa, ndipo sopo sachita thovu.

Pobwerera ndi njira yomweyo chobwerera m'mbuyo. Ife ku Chocas sitinafikeko, ndalama yake inatsala pa Muloza m'jekete yachikopa. Mametikali otsala musasinthe onse, sungani a kabaza wa ku Milange.